Mabala Anapita Wapansi

Amalume anaponya nthuli ya nyama pathabwa n'kuitembenuza ndi mpeni.

"Taona wekha, Mzime. Yakuda bii, youma gwa. Ogula akungoiyang'ana n'kumapita."

Mzime anaikhudza ndi chala. Inali nyama ya Mabala, mfule amene bambo ake anamulera pamsipu chibadwire.

"Wavuta ndi msipu wanuwo," anatero amalume. "Anzanu amatsekera ng'ombe m'khola n'kumazipatsa madeya. Mukapanda kutero, butchala yanga ino sitenganso ng'ombe kwanu."

Mzime anatuluka panja. Chimwalirire mayi ake, chimene chinkadzutsa bambo ake m'mawa chinali kutsegula khola ndi kutsogolera ng'ombe kudambo. Kuzitsekera kukanakhala kuwatsekera iwonso.

Bambowo anali pabenchi pakhomo la butchala, nsapato atavula. Mapazi awo anali otupa.

"Bambo, mapaziwa atani?"

"Palibe kanthu, mwanawe. Kuyenda kwa dzana."

"Kuyenda kwanji? Si ndinakutumizirani lole?"

Anayang'ana pansi. "Ndinaibweza. Anyamata ake aja amakweza ng'ombe akuzimenya ndi zitsulo, ena akupotokola mchira. Mabala sanalawepo chikwapu. Ndinamuperekeza ndekha kokaphedwa."

"Wapansi? Dzuwa lija?"

"Tinkacheza m'njira. Tinafika masana, pomwepo anamulowetsa."

"Madzi anamwa?"

Bambo anapukusa mutu.

Amalume, amene ankamvetsera ali pazenera, anatuluka akupukuta manja. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mlamu wawo analeka.

"Alamu, alamu! Chifundo chinapha nkhwali. Ng'ombe ikaphedwa ili wefuwefu, nyama yake imada chonchi, ngakhale itanenepa bwanji. Msipu ndaunamizira."

"Ndiye kuti ndamuzunza ndine?" Mawu a bambo anatuluka otsika kwambiri.

"Munamuperekeza, bambo," anatero Mzime, akukhala pambali pawo. "Sanapite ndi alendo."

Amalume anakanda m'mutu. "Mvetserani. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mpanda, mthunzi ndi mpopi, ndipo kophera ndi pafupi. Ng'ombe yotsatirayo mudzafike nayo kutatsala tsiku limodzi kuti iphedwe, imwe, ipume, igone. Madeya aja iwalani."

Bambo anaweramira nsapato zawo, nayamba kumasula zingwe pang'onopang'ono.

"Yokha siingagone kwachilendo," anatero. "Mukonze malo a awiri."