Enifa ndi Mafuta Oyeretsa Khungu

Enifa anabwerako ku chinkhoswe cha msuweni wake ali ndwii. Anakhala pakhonde osavula n'komwe nsapato, mwana wake Yankho ali kumsana.

Chimene chinamuwawa chinali mng'ono wake, Consolata. Awiriwa anakulira limodzi ku Mlonyeni, ndipo kale anthu ankati amafanana ngati mapasa. Koma chiyambireni kupita ku Chipata kukaoda zitenje, Consolata anasintha. Nkhope yake inayera. Pachinkhoswepo wojambula zithunzi ankangolondola iye yekha. Kenaka azakhali awo anayang'ana Enifa n'kunena mokweza kuti, "Nanga iwe dzuwa la kumunda lakuwotcha chonchi? Mng'ono wako sukumuona?" Anthu anaseka. Jailosi, mwamuna wa Enifa, anaseka nawo.

"Bambo a Yankho, paja mumaseka chiyani?" Enifa anafunsa mwamunayo atangofika.

"Aa, poti onse amaseka. Pali nkhani ngati?"

"Ndinakumvani mukuuza Consolata kuti, 'Alamu, lero ndiye mwatchena.' Ine munandiuzapo liti mawu amenewo?"

Jailosi anakanda mutu. "Mayi a Yankho, kameneko ndi kamoni chabe. Ine ndinakwatira inu."

Kufunsa mng'ono wake chimene amadzola Enifa sanafune, poopa kuoneka wosirira. Tsiku la msika anakwera kabaza kupita ku Kamwendo kukagulitsa mtedza. Kuseri kwa ogulitsa kaunjika anapeza mayi wina ali ndi beseni lodzaza timabotolo topanda dzina.

"Awa ndi mafuta oyeretsa khungu, osakaniza, ochokera kutsidya kwa malire," anatero mayiyo monong'ona. "Masabata awiri okha, amuna anu sayang'ananso kumbali."

Enifa anagula kamodzi n'kukabisa m'chikwama cha zovala. Ankadzola m'mawa ndi madzulo. Posakhalitsa amayi a kumjigo anayamba kunena kuti wasintha, ndipo mtima wake unakhalako pansi. Koma Lamulungu lililonse akamuona Consolata kutchalitchi, ankaona kuti mng'ono wakeyo ndi woyerabe kumuposa. Choncho anagula kabotolo kachiwiri. Anayamba kudzola katatu pa tsiku, kumaso, m'khosi, m'mikono mpaka pachifuwa. Kunyumba kwa mng'ono wake anasiyiratu kupondako.

Itafika nyengo yopalira, zinthu zinatembenuka. Akangokhala padzuwa pang'ono, nkhope inkatentha ngati waipaka tsabola. Ziphuphu zinabuka. M'masaya munatuluka mawanga akuda kuposa mmene analili kale. Tsamba la chimanga litamucheka pamkono, kabalako kanatha masabata atatu kasanapole.

"Tiyeni kuchipatala," Jailosi anamuuza tsiku lina akuchokera kumunda. "Nkhopeyo yatani?"

"Ndi dzuwa basi," anayankha Enifa, akukokera duku kumaso. Mumtima ankati: Consolata amadzola abwino, ine anandibisira dala kuti azioneka bwino yekha.

Tsiku la sikelo anapita ndi Yankho kukayezetsa. Mayi Esitele, alangizi a zaumoyo a m'deralo, anamukweza mwanayo pasikelo n'kulemba m'buku. Kenaka anaona totupa tofiira patsaya la mwana ndi kuzungulira kamwa. Anayang'ana Enifa, amene anali atawerama.

"Mundidikire pansi pa mtengo apo mpaka ndithane ndi enawa," anatero.

Anthu atachepa, mayi Esitele anakhala naye pafupi. "Mayi a Yankho, sindikukudzudzulani. Mukudzola chiyani?"

Enifa anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kabotolo kaja.

"Ndimaganiza choncho," anatero mayi Esitele. "Mafuta oterewa amakhala ndi mankhwala amphamvu amene sayenera kudzoledwa mwachisawawa. Amadya khungu n'kulisiya lopyapyala, n'chifukwa chake dzuwa likukuwotchani ndipo mabala sakupola msanga. Ena amakhala ndi poizoni amene amalowa m'magazi n'kuwononga impso. Kuda kwa khungu si litsiro ayi. Ndi kumene kumatiteteza ku dzuwa ife olima."

"Nanga mwanayu?" Enifa anafunsa.

"Mumadzola pachifuwa?"

"Eya."

"Ndiye akamayamwa, nkhope yake imakhudza mafutawo, ena amalowa m'kamwa. Khungu la mwana ndi lanthete."

Enifa anamukumbatira Yankho, misozi ikutsika. "Ndamupweteka ndekha mwana wanga."

"Mwabwera nthawi yabwino. Kuyamwitsa musasiye, chosiya ndi mafutawa. Mawa mupite kuchipatala cha ku Boma, inu ndi mwana yemwe. Kabotoloko musataye, mukawaonetse adokotala."

Atafika kunyumba anamuuza Jailosi zonse. Mwamunayo anayang'ana pansi. "Kuseka kuja ndinalakwa," anatero. "Sindinadziwe kuti kunakulowani chonchi. Mawa tipitira limodzi, mwana ndinyamula ine."

Kuchipatala anapeza mzere wautali. Pabenchi la kutsogolo panakhala mayi wina wovala malaya a mikono yaitali ngakhale kunkatentha, atafunda chitenje kumutu. Mayiyo atacheuka, Enifa anadzidzimuka. Anali Consolata, wopanda paudala kumaso. Nkhope yake inali ya mawangamawanga, pena pofiira, pena pakuda bii.

"Asisi!" Consolata anayang'ana masaya a mkulu wake n'kugwira pakamwa. "Inunso?"

Enifa anakhala pambali pake. Consolata anapinda mkono wa malaya. Khungu linali ndi mizere yong'ambika, mitsempha ikuonekera. Pamwendo panali chilonda chomanga ndi nsalu.

"Miyezi itatu chisakupola," anatero. "Anzanga a geni ankandinena kuti ndine wakumudzi, ndiye ndinayamba. Ndikasiya, nkhope imatupa n'kuyabwa, ndiye ndimayambiranso. Tsiku la chinkhoswe lija ndinadzipaka paudala katatu kubisa mawangawa."

"Ndiye bwanji sunandiuze?" Enifa anakweza mawu mpaka ena anacheuka. "Ine kuvutika konseku ndimafuna kufanana ndi iwe!"

"Munandifunsa? Miyezi yonseyi simunaponde pakhomo panga. Ine tsiku lija ndinkayang'ana nkhope yanu yosalala, yopanda ngakhale chiphuphu, mtima ukundiwawa. Ndinkalakalaka nditabwerera mmene ndinalili."

Enifa anagwira dzanja la mng'ono wake, ndipo anakhala choncho mpaka mayina awo ataitanidwa.

Adokotala anawayeza onse atatu. Yankho anamupatsa mankhwala opaka, ndipo anati totupato titha msanga. Enifa analibe vuto la m'kati mwa thupi. Consolata, amene anadzola kwa zaka ziwiri, anamuuza kuti azibwera mwezi uliwonse kuti aziona chilondacho ndi kuthamanga kwa magazi.

"Masabata oyamba khungu livuta kwambiri," anawachenjeza adokotala. "Lizitentha, liziyabwa. Musabwerere ku timabotolo tija, mubwere kuno. Muzisamba ndi sopo wamba, muzidzola mafuta wamba osasakaniza ndi chilichonse. Kumunda muzivala chipewa. Ndipo muzidya zimene mumalima: masamba, mtedza, mango, mapapaya. Khungu labwino limayambira m'mimba."

Zinavutadi. Sabata yachiwiri Consolata anafika kwa mkulu wake akulira kuti sangapirire kuyabwako. Enifa anamukhazika pamphasa, n'kumamuyika nsalu yonyowa kumaso mpaka kunazizira. Kuyambira pamenepo ankayenderana tsiku lililonse, wina akafooka wina n'kumulimbitsa.

Pofika nthawi yokolola, totupa ta Yankho tinali titaiwalika. Khungu la Enifa linabwerera mwakale, kupatula kabanga kamodzi pansi pa diso. Chilonda cha Consolata chinapola, koma mizere ya m'mikono inatsala.

Mayi Esitele anawapempha kuti akalankhule pa msonkhano wa amayi a kutchalitchi. Consolata anaimirira kutsogolo n'kupinda mikono ya malaya kuti onse aone. Enifa anafotokoza za mwana wake, osabisa kanthu. Atamaliza, Rozi, mtsikana amene ukwati wake unali mwezi wotsatira, anadzuka pang'onopang'ono. Anapisa m'chikwama, n'kuika kabotolo patebulo.

"Ndinagula dzana," anatero. "Sindinatsegule."

Amayi ena awiri anati awo ali kunyumba, abwera nawo mawa.

Khungu limene munabadwa nalo silifuna kukonzedwa, limafuna kusamalidwa. Mafuta oyeretsa khungu amawononga thupi lanu, ndipo angapweteke mwana amene mukuyamwitsa. Musasirire nkhope ya mnzanu, simukudziwa chimene akubisa. Ngati munayamba kale kudzola, musachite manyazi: tengani botololo mupite nalo kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala, mukathandizidwe.