Mapewa a Owen Tranter

"Tapumira m'kati, mphwanga, mwina ulowa," anatero Desmond, makaniko wamkulu, uku akukankha phewa la Owen Tranter.

Owen anapumira m'kati, koma sizinathandize. Miyendo inali italowa bwinobwino m'galimoto yatsopano ya mpikisanoyo, koma mapewa anakanirira pakhomo ngati kabati yokana kulowa kuchipinda. Anabwera kufakitale m'mawa umenewo, kamvula ka Januwale kakuwaza, kuti amuumbire mpando. Chaka chilichonse zimatero: woyendetsa amalowa m'galimoto, n'kukhalira thumba la thovu mpaka liume motsata msana wake.

"Nkhukundembo ya Khirisimasi unaimaliza wekha, eti?" anaseka Desmond.

Owen sanaseke nawo. Chaka chonse ankangodya masamba ngati mbuzi kuti asalemeretse galimoto. Yakale ija inali yamakani pokhota, koma analimbana nayo mpikisano uliwonse, ndipo kangapo konse anapatukira mnzake wa m'timu mabwana atalamula pawailesi. Ankangomuuza kuti apirire, ya chaka chamawa ndi yake.

Moira Pennock, yemwe anajambula pulani ya galimotoyo, anali ataima chapatali ndi kapu ya tiyi.

"Mayi Pennock, mwaphonya muyeso?" anafunsa Owen.

"Ine sindiphonya muyeso."

"Nanga ndilowa bwanji?"

"Tinaipanikiza kuti mphepo izidutsa bwino. Mabwana anandipatsa muyeso wa woyendetsa, ine n'kujambula."

"Muyeso wa ndani?"

"Wa munthu wocheperapo. Ndimayesa anakuuza."

"Anakupatsani liti?"

Moira anayang'ana m'kapu. "Mu Julaye."

Zinamuwawa kwambiri Owen. Julaye ndi mwezi umene anamaliza wachitatu mumvula, pamaso pa makolo ake, bwana wa timu n'kumukumbatira akulira misozi yeniyeni. Moira yemweyu anamupsompsona patsaya. Onsewo ankadziwa kale kuti galimoto yatsopanoyo ndi ya woyendetsa wina, ndipo anamusiya aziika moyo wake pachiswe mpaka chaka kutha.

"Nawenso, Desmond?"

"Ine ntchito yanga ndi sipanala, mphwanga."

Kutuluka kunavuta kuposa kulowa. Anachita kumuzula anthu awiri, malaya n'kung'ambika paphewa. Anatola jekete lake n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, kudikira kuti wina amuitane, olo amunamize komaliza. Palibe anamuitana.

Atafika pakhomo anacheuka. Desmond anali atagwada kale, mutu uli m'galimoto, akusendeza mapedulo opondapo mapazi kuti afike pafupi ndi miyendo ya wocheperapo uja.