Ulendo wa ku India Unathera pa Chileka

A Walter Chimwaza, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Lirangwe, ankadwala khansa ya chiwindi. Dokotala anauza ana awo awiri, Ackim ndi Leah, kuti matendawo afalikira, chatsala n'kungochepetsa ululu. Ackim sanamve zimenezo. Anakonza zoti bambo akaonedwe ku India, n'kumuopseza mlongo wakeyo kuti asawauze kanthu.

Leah ndiye ankawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Tsiku la ulendo anakhala nawo kumbuyo kwa galimoto atawagwirira mutu. Pabampu iliyonse madalawo ankangoluma mano.

Atafika pabwalo la ndege la Chileka, Ackim anatsika kukatenga njinga ya odwala.

"Leah," anatero bambowo, "chiyambire dzana sukundiyang'ana kumaso. Dokotala uja anati chiyani?"

"Anati mukapeza thandizo, adadi."

"Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ine. Mwana akamanama ndimadziwa."

Leah anasuzumira pawindo. Ackim anali atatulukira kale poteropo, akukankha njinga ija.

"Anati simuchira. Kumeneko mwina angakuwonjezereni mwezi umodzi kapena iwiri, koma muli chigonere m'chipatala."

"Ndiye kuti ndikhoza kubwerako m'bokosi?"

"Ee, adadi."

Ackim anatsegula chitseko. "Tiyeni, nthawi yatha."

"Bweza njingayo. Tikubwerera kumudzi."

Ackim anatembenukira Leah. "Wawauza? Iwe ukufuna afe eti?" Anakuwa mpaka mlonda wapageti anacheuka.

"Usamukalipire, ndamufunsa ndine," anatero a Chimwaza akupuma movutika. "Thupili ndi langa, mwanangu. Ndikufuna ndikagone pakama panga, amayi ako ali pafupi."

"Koma mwina kuli mankhwala, adadi!"

"Mwinadi. Koma ine ndatopa."

Ackim anaima pomwepo, misozi ikutsika. Leah ankaopa kuti awanyamula bambowo mokakamiza, moti anawagwira mkono zolimba. Patapita nthawi Ackim anabweza njinga ija, n'kuliza galimoto. Anabwerera ku Lirangwe.

A Chimwaza anakhalanso milungu isanu. Namwino ankabwera Lachiwiri lililonse ndi botolo la mankhwala oletsa ululu, amayi a Mvano n'kumadzaimba pakhonde. Ackim anapempha tchuthi kuntchito, anaphunzira kuwatembenuza kuti asachite zilonda, koma anali wokwiyabe ndi Leah, sankamuyankhula.

Bambowo anamwalira Lamulungu masana, banja lonse lilipo. Pofunika kuwatseka maso, Ackim analephera. Anayang'ana mlongo wake n'kunena motsitsa mawu, "Leah, bwera undithandize."