Kaloboti Kobwerera Kwawo

"Musandiuze za fumbi, bambo. Fumbi silitsitsa mtengo."

Amayi anatero ataima pakhomo la chipinda cha malemu, manja ali m'chiuno. Wokonza mafoni, yemwe anachita kukamutenga okha kumsika kuti adzagule, anali atagwada pansi akuuzira kumbuyo kwa makina a gemu ngati akukoleza moto. Kumsikako Amayi ankadziwika ndi dzina loti aSindichotsa. Ankagulitsa mapoto ndi mabeseni, ndipo munthu akayamba kunenerera ankamulanda beseni m'manja n'kumulozera njira.

Mwana wawo wapakati anali ataikidwa m'manda sabata lomwelo. Mipando yobwereka inali ikadali panja, yosanjikizana, kudikira eni ake.

Mzime, mwana wamkazi womaliza, anali atakhala pabedi la mlongo wake atakumbatira chogwirira cha mabatani pachifuwa.

"Amayi, ngakhale bulangeti lake silinazizire."

"Bulangetilo ndilichapa, likauma nalonso lipita. Apatse bambowa chinthucho."

Mzime asanayankhe, Chisamba analowa akutafuna. Anali mwana woyamba, wokhala kutali, ndipo pamaliro anafika dothi litakwiriridwa kale. Lero anali atavala jekete la malemu, manja ake akulekera pamwamba pa mikono.

"Makinawa musagulitse, Amayi. Nditengere ana, azikumbukirapo bambo awo aang'ono."

"Ana akowo sanamuonepo nkhope. Azikumbukira chiyani, mawaya?" Amayi anazula chogwirira chija m'manja mwa Mzime n'kuchiponya pamiyendo ya wokonza mafoni. "Yesani msanga. Ndasiya katundu ndi anthu."

Bamboyo analumikiza mawaya ku kanema wakale amene anali pampando. Galasi linawala, koma mawu kunalibe. Atasuzumira anapeza batani la mawu litamatidwa ndi tepi.

"Anamata yekha," anatero Mzime. "Amayi atanena kuti akadzamvanso phokoso adzaponya zonse m'ngalande."

"Ndinanena, ndipo ndikanaponyadi. Ine ndimadzuka kuli mbuu."

Wokonza mafoni anali munthu wokonda pakamwa. Podikira kuti gemu itseguke, anayamba kufotokoza ngati wina wamufunsa.

"Magemu a maloboti awa, mayi, mukaona imodzi mwaona onse. Pamakhala mmisiri, amapanga kamunthu kachitsulo, n'kukatuma kuti kakamenyane ndi maloboti opanduka. Kamathamanga, kamadumpha maenje, kamawombera. Kakagwetsa mmodzi, kamamuvula chida chake n'kuvala iko."

"Basi achimwene gemuyi amaidziwa," anatero Mzime akuyang'ana jekete lija.

Chisamba anasiya kutafuna. "Iwe, ndine mkulu wako."

"Wamkulu amakhalamonso," anapitiriza bambo uja, osadziwa kuti waponda pati. "Kalobotiko sikalephera kukhala ndi mkulu wake. Wonyada, wovala bwino. Amangotulukira nkhondo itatha, mawu awiri, wauluka."

Mzime anaseka kuseka kouma. "Mulinso kamlongo kake. Ntchito yake ndi tsache."

"Eya, mumaidziwa!"

Amayi sankafuna kufunsa kanthu. Nkhani zopanda mtengo ankaziona ngati ntchentche. Koma funso linatuluka lokha.

"Nanga kakafa?"

"Kamaphulika, kenako kamadzukanso n'kuyambira pomwe kanagwera. Kali ndi miyoyo yambiri."

"Bodza lokhalokha. Zopusitsira anthu aulesi."

"Aulesi?" Mzime anaimirira. "Munthu wosenza matumba tsiku lonse? Tsiku lija anakuuzani kuti chifuwa chikumubaya. Munamuvundukula bulangeti ili, ili lomweli, n'kunena kuti wodwala sasewera gemu. Anapita. Anakagwa ndi thumba pamsana."

Wokonza mafoni anaweramira mawaya ake ngati muli china chomasuka.

Amayi sanaphethire. Mawu amenewa anali atawadikira kuyambira kumanda, ndipo yankho anali atalinola kale.

"Chifuwa aliyense ali nacho. Ine ndinakuberekani nonse atatu, tsiku lotsatira ndili pamsika. Munthu madzulo zala zikuvina pa mabatani, m'mawa akuti ndikudwala, ndikanadziwa bwanji? Ndine dokotala ine? Khala pansi."

Mzime anakhala.

Gemu inatseguka pomwe malemu anasiyira. Wokonza mafoni anasuntha pafupi ndi galasi, kenako anakanda m'mutu.

"Koma apa pali zachilendo. Taonani, adani onse anawagwetsa, zida zonse ali nazo. Chatsala ndi chitseko chomaliza basi, kwa mwini zoipa zonse uja, amene ukamugonjetsa amagwada n'kupepesa kenako n'kuthawa. Aliyense amasiyira pachitseko pamenepo. Koma uyu kalobotiko anakabweza kunyumba."

"Ndiye zikutsitsa mtengo?"

"Ayi, mayi. Kungoti kubwerera kuno ndi ulendo. Maenje onse aja uwadumphenso chobwerera, ndipo palibe chimene umapatsidwa."

"Ankatero tsiku lililonse," anatero Mzime motsitsa mawu. "Sankazimitsa kali kuthengo."

Amayi anayang'ana pagalasi koyamba. Munali kachipinda kodzaza zitsulo ndi mawaya. Kaloboti kakang'ono, kobenduka phewa limodzi, kanaima pakati. Pambali pake panali mmisiri amene anakapanga. Anali mzimayi wa mikono ikuluikulu, atatembenukira kukhoma, akukhoma chitsulo ndi hamala. Sankakayang'ana n'komwe.

Wokonza mafoni anamatula tepi ija n'kukweza mawu. Kanyimbo kopyapyala kanadzaza chipinda chimene chinali chitaiwala nyimbo. Kenako mmisiri uja analankhula m'chilankhulo chachilendo, osatembenuka.

"Akuti chiyani?" anafunsa Amayi.

"Akuti, 'Wabwera? Ntchito sinathe. Bwerera,'" anamasulira bamboyo.

Chisamba anatulutsa mpweya m'mphuno, n'kuyang'ana kudenga. Mzime anayang'ana pansi. Amayi anamva bwinobwino. Madzulo aliwonse mwana uja akamalowa, fumbi la matumba lili m'tsitsi, moni wawo unali umodzi: "Wabwera? Ndalama zili kuti?" Ndipo ankaupereka akutsuka mapoto, msana uli kwa iye.

Bamboyo anatambasula chala kuti adine batani.

"Musakhudze," anatero Mzime. "Ingosiyani choncho."

Anasiya. Kanyimbo kankangobwereza. Hamala inkakwera n'kutsika. Kaloboti kanaima chiimire, manja ali lende.

"Chafa?" anafunsa Amayi. "Ngati chafa ndi inu mwachipha, bambo, mulipira chonse."

"Dikirani, Amayi."

Kudikira ndi chinthu chimene Amayi sanaphunzirepo. Anali atatsegula kale pakamwa pamene mmisiri uja anaika hamala pansi. Anapukuta manja pa epuloni, natembenuka pang'onopang'ono, n'kuika dzanja lake lalikulu pamutu pa kalobotiko. Timaso take towala tinatsinzina.

"Ukapanda kukhudza batani kwa kanthawi, amatero," anatero Mzime. "Iye ankadikira zimenezi. Akaona dzanja latera, ndiye ankazimitsa n'kugona."

Amayi anatembenukira kwa wogula.

"Mwaona? Ngakhale osakhudza zikugwira zokha. Ndiye mtengo mwatchula ujawu, bwezani m'thumba. Onjezani."

"Mayi, makinawa ndi akale..."

"Akale ndinu. Onjezani kapena zulani mawaya anu muzipita."

Bamboyo anaonjezera. Amayi anakana. Anaonjezeranso. Amayi anapinda ndalamazo n'kuzilowetsa pachifuwa.

"Ndiye ndifufute zonse zili m'katimu," anatero bambo uja mosayang'ana munthu. "Wogula watsopano safuna kuyambira pa za eni ake."

Mzime anatsetsereka pabedi n'kugwada. "Amayi, chonde. Makinawo apite, koma asafufute ndikuona. Akafufutire kwawo."

"Chonde sitidya. Fufutani pompano, bambo, musadzabwerenso kuno kuti china chavuta."

Chala chinadina kawiri. Galasi linada, kenako linawalanso. Kaloboti kanaima pachiyambi pa msewu wautali, katsopano, kosabenduka, kopanda chida ngakhale chimodzi.

Wokonza mafoni anakulunga mawaya n'kutuluka chosatsanzika. Chisamba anayang'ana nthawi pafoni, nati basi imusiya, n'kutuluka ndi jekete lomwe lija. Mzime anadzuka, anapukuta mawondo, n'kupita kukatenga tsache.

Amayi anatsala okha. Anakoka bulangeti n'kuliponya pakhomo kuti likachapidwe. Anakoka nsalu yoyala. Atafika pa pilo anaima. Pakati pake panali kadzenje, pomwe mutu unkagona moyang'ana kanema, ndipo m'mphepete mwa kadzenjeko munali kafumbi koyera ka matumba.

Anapukuta manja pa chovala chawo. Dzanja lamanja linatsika lokha n'kulowa m'kadzenjemo. Linakwana bwinobwino. Munali mozizira.

"Amayi," anaitana Mzime ali panja, "eni mipando abwera."

"Auze adikire."