Nkhope ya Aphunzitsi Yoika Patebulo

Azimayi a kutchalitchi anapempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi chabwino cha malemu, choti akachiike patebulo lakutsogolo pa mapemphero a maliro mawa lake. Ntchito yoti ngakhale mwana angaigwire, koma inamuthetsa nzeru Chisamba, mwana woyamba wa malemuwo, mzimayi wamkulu wa ana ake kale.

Anakhuthulira katoni yonse ya zithunzi pabedi la amayi ake. Zinalipo zambirimbiri, koma cha amayi ali okha panalibe. Chaka ndi chaka, kalasi ndi kalasi, anali pakati pa ana a eni, timitu tometedwa ndi timphuno tosamina, siketi ili mbuu ndi choko. Zotsalazo zinali za kutchalitchi, komwe ankasesa Loweruka lililonse ndi kuchapa nsalu za paguwa. Apa aoneka msana wokha atawerama ndi tsache, apo mkono wokha ukugawa makapu.

"Bambo, palibe ngakhale chimodzi chomwe amayi anandinyamula ine?"

Bambo ake, omwe anangokhala duu pampando pafupi ndi chitseko, anapukusa mutu. "Amayi akowo ukuwadziwa, mwanawe. Ukati tiyeni tikajambulitse, amvekere dikirani ndimalize kuchonga mayeso. Mayesowo ankatha ngati?"

Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayiwa mwambiwu anaumeza wathunthu. Chomwe mwambiwu sunena n'chakuti wako weniweniyo akhala wa yani. Chisamba anaphunzirapo chaka chimodzi m'kalasi mwa amayi ake, ndipo sanachiiwale. Poopa kunenedwa kuti akukondera, anamukhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera losweka. Akakweza dzanja, ankaloza wina. Akalakwa, chilango chake chinkaposa cha anzake. Tsopano aliyense wobwera kudzapepesa ankati, "Anali mayi wathu tonse," iye n'kumavomera ndi mutu, mumtima muli nsanje yochititsa manyazi. Ankawalira amayi ake, komanso anali atawakwiyira. Ankafuna kudziwa ngati mayi wa anthu onseyu anamuonapo iye ngati mwana wake, ndipo woti amufunse anali atagona m'bokosi.

Anasankha chithunzi chomwe nkhope inkaoneka bwinoko, cha chaka chowawa chomwecho, n'kupita nacho kwa wojambula wa pafupi ndi msika, bambo wa magalasi omanga ndi waya, wolongolola ngati wailesi.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Aa, ndi Aphunzitsi awa! Ine anandikoka khutu ili, mpaka lero limamva bwino kuposa linzake." Anaseka yekha, kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ngakhale analibe fumbi. "Ndidula nkhope yokha n'kuikulitsa. Koma vuto lawo linali limodzi, sankayang'ana kamera. Inenso ndawajambulapo kusukulu kuja. Umvekere, 'Aphunzitsi, maso kuno!' iwo maso ali pa ana."

Nkhope ija inakula pakompyuta mpaka kudzaza galasi lonse. Chisamba ankayembekezera diso lija lomwe linkakhalitsa chete kalasi yonse, koma sanalione. Amayi anali atapendeketsa mutu pang'ono, akuyang'ana kumbali, milomo atailuma ngati munthu wobisa kumwetulira. Nkhope yofewa chonchi anali asanaionepo m'kalasi muja.

"Taimani kaye, bambo. Bwezerani chithunzi chonse. Akuyang'ana ndani?"

Wojambulayo anatsata maso aja ndi chala, kudutsa mitu ya ana, mpaka kumapeto kwenikweni kwa mzere wakumbuyo. Kumeneko kunali kamtsikana kofufuma masaya ndi mkwiyo, katapinda manja, maso ali pansi.

"Kamwana kolusa aka," anatero wojambulayo. "Kaya kanali ka ndani."

"Ndine," anayankha Chisamba.

Tsikulo ankalikumbuka bwino. Anapempha kuti aime pafupi ndi amayi ake, iwo n'kumuuza kuti apite kumapeto. Ananyanyala, osadzutsa mutu mpaka kujambula kunatha. Akanangokweza maso kamodzi kokha, bwenzi atawapezerera. Misozi yomwe inkakana kutuluka pakati pa anthu opepesa aja inatulukira pomwepo, m'kashopu konunkha inki, pamaso pa munthu wosamudziwa.

Wojambulayo anafunsa chapansipansi, "Ndiye ndisadule, mayi?"

"Dulani. Azimayi aja akufuna nkhope yokha."

Mawa lake tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima panja, ambiri mwa iwo anthu akuluakulu omwe anaphunzira kugwira pensulo m'manja mwa malemuwo. Abale anawakhazika pabenchi yakutsogolo, mbali ya kwaya. Chithunzi chinaima patebulo, koma nkhope ija sinkayang'ana abale, sinkayang'ananso mpingo. Inkayang'ana mbali inayo, pakona posungira matsache ndi ndowa, pomwe panali kabenchi kopanda munthu.

Chisamba anapirira mpaka nyimbo yoyamba inafika pakati. Kenako anaimirira. Bambo ake anamugwira chovala.

"Ukupita kuti, mwanawe? Anthu akukuyang'ana."

"Amayi akuyang'ana uko, bambo, ndipo kulibe munthu."

Anadutsa kutsogolo kwa mpingo wonse, nsapato zikumveka pasimenti, azimayi a kutchalitchi akunong'onezana kuti mwina chisoni chamusokoneza mutu. Anakakhala pakabenchi kaja yekhayekha, pakati pa matsache, n'kukweza mutu.