Matumba a Mchenga pa Msewu wa Nyatsime

Sailesi anali ndi kapikiapu kamene ankanyamulira njerwa ndi nkhuni mu Seke. Anthu a pa msika wa Chikwanha ankakatcha Bulu, chifukwa sikankakana katundu ndipo sikanamugonekepo panjira. Mu 1978 nkhondo inafika m'mafamu a ku Beatrice, mzungu mwini famu imene ankakhala apongozi ake nathawa. Sailesi ndi mkazi wake Dorica anapita kukatenga amayi a Dorica, a Tryphena, amene anatsala okha m'komboni.

Masiku amenewo m'misewu yafumbi munkakwiriridwa mabomba, amene Achishona ankawatcha chimbambaira. Choncho Sailesi anayala matumba a mchenga pansi pa mpando ndi popondera mapazi, monga ankachitira madalaivala anzake.

Anapakira chimanga, bedi, mtondo, malata ndi chitseko, mpaka masipuling'i anawongoka.

"Amayi, lowani kutsogolo," anatero Dorica. "Kuli mchenga, umateteza."

"Iwe, wapenga?" anayankha a Tryphena, nkhope ataloza kumbali kuti asaonane maso ndi Sailesi. "Ndikhale bondo ndi bondo ndi mkamwini? Tawuni yakudya nzeru. Ndikhala pa chimanga changa."

"Aiwa! Ayi, amayi, ino ndi nkhondo!"

"Nkhondo idzatha. Manyazi satha."

Sailesi sakanatha kutsutsa apongozi ake. Anatulutsa matumba onse a mchenga, nawayala kumbuyo pakati pa katundu.

"Uwauze amayi akhale apa," anauza Dorica. "Nawenso ukhale nawo."

Anatsala yekha kutsogolo, mapazi ali pa chitsulo chopyapyala ngati chitini. Kagalimoto kanabuula, koma kananyamuka. Sailesi ankaponda ndendende m'mikwingwirima ya matayala a thirakitala imene inadutsa m'mawa. Mwala ukagunda pansi pa galimoto, ankayesa kuti ndi bomba. Anayesa kuimba nyimbo ya kutchalitchi, koma anangokumbukira anyamata atatu aja a m'Baibulo, oponyedwa m'ng'anjo ya moto.

Atayandikira mtsinje wa Nyatsime anaima. Pakati pa msewu panali dothi lachilendo, lofiira, losesedwa bwino ndi nthambi. Kumanzere kunali chigwembe, kumanja chitunda. Kubwerera sikukanatheka, pakuti dzuwa linali litapendeka, ndipo likalowa asilikali ankawombera chilichonse choyenda.

"Dorica, tsikani. Mudzere pa udzu, mukaime pa mtengo uwo."

"Bambo a Julia, tiisiye galimotoyi!"

"Amayi afika kunyumba ku Unit A ndi miyendo iti? Pitani."

Anadikira mpaka akaziwo atafika patali. Kenaka anaika giya yoyamba, nakweza matayala a kumanja pa chitunda. Galimoto inapendekeka. Mtondo unagubuduka n'kugunda malata, ndipo Sailesi anafuula, poyesa kuti bomba laphulika. Anasuzumira pawindo. Tayala la kumanzere linkadutsa m'mphepete mwa dothi lija, mpata wake wosakwana chikhatho.

Kenaka tayala la kumbuyo linayamba kuterereka, likumwaza miyala. Katundu yense ankakokera ku dothi lofiira.

"Ambuye Yesu, ana anga," ananong'ona.

Sanaponde mafuta mwaukali. Anangowonjezera pang'ono, monga ankachitira atasenza njerwa pa matope a m'dera la Unit L. Injini inalira motsitsa, osatsamwa. Tayala linagwira muzu, ndipo Bulu anadzikoka, natsikira mumsewu kutsogolo kwa dothilo.

Atafika pa mtengo uja anaimika galimoto. Dorica anatsegula chitseko akulira, namugwira dzanja. A Tryphena anali atagwada pa udzu, atamufulatira monga mwa mwambo, manja ali m'mwamba.

"Mulungu wa Danieli," ankapemphera mokweza, "ndikanamuphetsa ine mwana wa eni ake. Mwamubweza Inu."

Dorica anawadzutsa. Anakwera onse, ndipo kagalimoto kanawoloka Nyatsime dzuwa likadali pamwamba pa mitengo.