Mtanda wa Muwanga

Makaiko atabwerako ku migodi ya ku Joni chaka cha 1974, anapeza denga la nyumba yake ku Domasi likugwetsa ufa wa mtengo. Mkazi wake Eluby ankasesa m'mawa, koma pofika masana pamphasa pankayeranso mbuu. Zikumbu zinali zitalowa mu mtanda waukulu, ndipo munthu akakhala chete ankazimva zikukukuta mkati. Makaiko anaugogoda n'kunena kuti sungapirire mvula ya chaka chimenecho. Anati mtengowo unadulidwa kumunsi kotentha komwe zikumbu zimachuluka, ndiye mtengo wina akautenga kumtunda kwa phiri, kozizira, kumene bambo ake ankatenga mitengo yomangira.

Eluby sanatsutse, ngakhale anali ataona kale chimene mwamuna wake ankabisa. Chibwerereni, Makaiko akalima mzere umodzi ankatsamira khasu ngati akuyang'ana mitambo, chifuwa chikulira. Eluby atanena kuti alongo ake akhoza kukadula mtengowo, Makaiko anangonola nkhwangwa. Choncho m'mawa mwake Eluby anatenga chingwe ndi nkhata, nati nayenso apita nawo, akufuna nkhuni.

Anadutsa minda youma ya chimanga, n'kuwoloka mtsinje podumpha miyala. Atangoyamba chikweza, Makaiko anaima pa chipika cha msuku chogwa kalekale. Anachigubuduza ndi phazi, n'kugwada. Pansi pake panali zikumbu zakuda, zazikulu ngati chala chamanthu, ndi mphutsi zoyera zonenepa. Anayamba kufotokozera mkazi wake kuti zimenezi n'za kumunsi, zimakonda mtengo wonyowa wogona pansi. Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu akudukaduka. Eluby anazindikira kuti nkhani ya zikumbuyo inali yopumirapo. Anagwada nayenso, n'kufunsa ngati zimaluma, ngakhale ankadziwa bwino kuyambira ali mtsikana wotola nkhuni.

Anakwerabe motero. Paliponse pamene panali mtengo wouma, Makaiko ankaima. Penapake anakungula khungwa la mombo n'kumuonetsa tinjira tokhotakhota tomwe tizikumbu tofiirira tinajambula mkati. Kenako anayang'anitsa nthambi zouma za m'mwamba, n'kuloza timabowo tating'ono ngati ta singano, nati za m'nthambi sizitsika pansi, ndipo za pansi sizikwera. Pamene mitengo youma inasowa kwa kanthawi, Eluby anaona nkhope ya mwamuna wake itachita thukuta, milomo itauma. Eluby ndiye anayamba kuima, nati waona chitsa pambali pa njira, akufuna adziwe za mmenemo. Makaiko anamuyang'ana kanthawi, kenako anapita kukakhala pachitsapo.

Dzuwa litafika pamutu anali pakati pa phiri. Mphepo inali itayamba kuzizira, ndipo kumunsi minda ya mpunga ndi madenga a ku Songani zinkaoneka zazing'ono. Kumtunda kumene ankapita kunali kudakali kutali. Apo Makaiko anakhala pamwala popanda chipika chilichonse chonamizira, nkhwangwa ili pamiyendo.

"Mayi a Perpetua," anatero kwa mkazi wake, "sindikafika."

"Ndikudziwa, bambo. Ndinadziwa kalekale."

Kenako Makaiko anamuuza za dokotala amene anamupima asananyamuke ku Joni, yemwe anati fumbi la pansi linakhazikika m'mapapo ndipo silidzachoka. Anati sananene chifukwa ankaopa kuti anthu aziti anapita ndi mphamvu, wabwera ndi bulangete ndi chifuwa basi. Eluby anamasula kansalu, n'kutulutsa chinangwa chophika, nagawana. Sanalire. Anangomuuza kuti mawa apite limodzi kuchipatala, ndipo za munda akambirana ndi abale.

Akudya, Eluby anaona mtengo wa muwanga wouma uli chiimire pafupi ndi mwalawo, wowongoka, makungwa atayoyoka. Makaiko anadzuka n'kukaugogoda ndi msana wa nkhwangwa. Unalira ngati chitsulo. Anauzungulira, akusisita ndi chikhatho, ndipo anapeza kabowo kamodzi kokha, kakale. Anati si wa kumtunda kwenikweni, koma muwanga ndi muwanga. Anatema katatu kuika chizindikiro, kenako anapereka nkhwangwa kwa mkazi wake kuti anyamule potsika.

Alongo ake a Eluby, Yoswa ndi Jeremiya, anakaugwetsa Loweruka lotsatira n'kutsika nawo pamapewa. Tsiku lokweza mtanda Makaiko sanakwere padenga. Anakhala pampando pansi pa mango n'kumalangiza pomanga ndi luzi, ndipo alamu akewo ankamumvera. Mvula yoyamba inagwa udzu utafoleredwa kale. Chaka chimenecho munda analima Eluby ndi ana, ndipo Makaiko anayamba kusema mipini pakhonde, yomwe Eluby ankapita nayo kumsika wa ku Songani.